A Kasinja Alibe Khadi

Dzulo mwana wanga anatsegula chitini cha nsomba, ndipo fungo lake linandibwezera pamsika wa Nsanama.

Ndili mwana, amalume, omwe anamenya nawo nkhondo ya azungu, ankandifotokozera za akasinja, magalimoto achitsulo oyenda pa matcheni, opangidwa kuti aziwoloka maenje a adani. Nditawatopetsa ndi mafunso, ndinapanga wanga ndi chitini cha nsomba, tcheni cha njinga, ndi kabango ngati mzinga.

Tsiku la msika ndinatsatira amalume ndikukoka chidole changacho ndi chingwe. Pachipata panali mnyamata wa chipani, wa malaya ofiira, woona ngati anthu ali ndi makhadi a chipanicho. Anaponda chingwe changa.

"Iwe, chamfutichi n'chiyani?"

"Ndi akasinja," ndinayankha monyadira.

"A Kasinja ndani? Akubisala kuti? Khadi ali nalo?"

Ndinaseka. Mbama inatera patsaya, khutu n'kuchita kulira.

"Iyayi bwana, si munthu," anatero amalume. "Ndi galimoto chabe."

"Mukubisa chigawenga, mdala inu!"

Jombo yake inaphwanya chitini changa. Ndinayang'ana amalume kuti amukalipire. Koma iwo, amene sanathawe akasinja enieni, anavula chipewa n'kugwada m'fumbi pamaso pa kamwana kopanda ndevu.