Mwala Umene Ndinakwera Nawo ku Lobi

Ndinanyamuka kwathu ku Lobi Lolemba m'mawa, m'nyengo yachisanu, nditasenza mtanga wa nyemba ndi maphunziro a zaka ziwiri. Nyembazo zinali za amalume. Maphunzirowo anali anga, otsala pamene ine ndi sukulu ya aphunzitsi ku mishoni tinasiyana mwamtendere, iwo atanena kuti ndizipita, ine nditavomera.

Chondiyendetsa chinali Nabanda. Amayi ake anauza amalume kuti munthu wolephera choko ndi khasu lomwe sangadyetse mwana wawo, pokhapokha nditabwera ndi dengu la usipa wakunyanja ankhoswe asanakumane Lamulungu la sabata yotsatira. Ndikachedwa, panali Yosefe, amene anali atangobwera kuchokera ku Halale ndi jasi la mabatani asanu ndi limodzi amkuwa. Mabataniwo ndinawawerenga ndili patali, mopanda nsanje iliyonse.

Ndinagona pafupi ndi Boma la Dedza, ndipo Lachiwiri ndinadutsa ku Bembeke n'kuyamba kutsetsereka. Pa mtsinje wina ndinagawana chimanga chokazinga ndi bambo wina wamtengatenga. Atamva kumene ndimapita anandiyang'ana ngati nkhuku yopita ku maliro.

"Achimwene, anthu akunyanja ndi aulemu kwambiri," anatero. "Koma mukapatsana nawo moni, muziwerenga zala zanu."

Mawu amenewa ndinawasunga bwino kuposa katekisimu.

Lachitatu masana ndinafika pagombe kumunsi kwa Mtakataka. Anandiuza kuti usipa wambiri uli pa kachilumba kooneka chapatali, ndipo wondiwolotsa ndi a Bwanali, bambo wamfupi wosakonda kuyankhula. Anati mtengo wake ndi tiki, kandalama ka makobiri atatu, kapena mbale ziwiri za nyemba. Ndinapereka nyemba, kenako ndinawerenga zala. Zinali zonse.

Tinawoloka Lachinayi kusanatenthe. Anandikhazika pansi penipeni pa bwato, m'timadzi, n'kundiletsa kugwira m'mbali. Mudzi wa pachilumbapo unali wa tinyumba tatifupi, ndipo mitengo yonse inawerama mbali imodzi ngati ana asukulu akaona bambo mfumu. Chimene sichinandisangalatse ndi miyala. Padenga mwala, pa ukonde mwala, pa chivundikiro cha mtsuko mwala. Kwathu miyala ndi yambiri kuposa anthu, koma imakhala pansi pamene Mulungu anaisiya.

Lachisanu m'mawa ndinasinthitsa nyemba zonse ndi usipa wauwisi, ndipo akazi a Bwanali anandibwereka mphasa ziwiri zoyanikapo pamchenga. Nditangopita kukasamba, ndinapeza miyala inayi pa mphasa iliyonse, wina pa bulangete langa. Ndinaganiza mozama, monga munthu wophunzira. Mwala suyenda wokha. Woika mwala pa katundu wa mnzake ali ndi zifukwa ziwiri basi: kulodza kapena kuika chizindikiro kuti abwere adzatenge. Ndinaitola yonse isanu ndi inayi n'kuiponya m'nyanja, ndikunena pemphero lachilatini mpaka pamene ndinalekezera kuliphunzira.

Dzuwa litafika pamutu, mphepo ya mwera inabwera. Mphasa zanga zinadzuka zokha n'kuthamangira kumudzi. Ndaona zinthu zambiri m'moyo, koma usipa wakufa ukuuluka ndinauona tsiku limenelo lokha. Akhwangwala ndi agalu anandithandiza kutola, aliyense n'kusunga zimene watola.

Akazi a Bwanali anafika atagwira m'chiuno.

"Aphunzitsi, miyala ija mwadya?"

"Ndaichotsa, mayi. Sindinadziwe cholinga chake."

"Cholinga chake ndi kulemera," anatero, n'kuitana anzawo kuti adzamve.

Theka la nsomba linapita. Kuti dengu lidzadze, a Bwanali anandiika pa chingwe chokoka khoka masiku awiri, pakati pa agogo ena opanda mano ndi munthu wina wolumala mwendo. Onse awiri ankakoka kuposa ine. Chakudya chinali chinangwa chophika ndi utaka wootcha, mchenga waulere.

Lolemba usipa unauma. Kumwamba kunali mbee, kopanda ndi kamtambo komwe, tsiku limene kwathu ngakhale nkhalamba imanyamuka ulendo. Ndinamanga katundu.

"Lero ayi," anatero a Bwanali. "Kuli mwera."

"Bambo, yang'anani kumwambaku."

"Ndakuonako. Nkokongola."

Lachiwiri chimodzimodzi. Apa mpamene ndinaona kuti pa chingwe cha mpeni wa a Bwanali panali batani lamkuwa. Zonse zinamveka. Yosefe anali atadutsa kuno, kapena anatuma munthu, ndipo ine ndinagulitsidwa pamtengo wa batani limodzi. Sichinali chinyengocho chimene chinandipweteka kwambiri, koma mtengowo.

Lachitatu m'mawa, anthu akusoka maukonde, ndinakankhira m'madzi kabwato kena kuti ndikayese kaye ndekha, dengu nditalisiya pamtunda. Kupalasa ndinali nditakuona, ndipo sikunaoneke kovuta kuposa kuchulukitsa manambala. Funde loyamba ndinalilonjera. Lachiwiri linanditembenuza. Lachitatu linandibweza pamchenga mwaulemu, ine pansi, bwato pamwamba. Anandivundukula a Bwanali, mudzi wonse uli kumbuyo kwawo.

"Mwafika bwino ku Dedza? Kunyumba onse ali bwanji?"

Nkhafi inapezeka masana, ku mbali ina ya chilumba. Palibe anandikalipira. Anangotumiza anthu awiriawiri kudzandiona.

Lachinayi kunacha ndi mitambo yakuda yotsika, tsiku limene kwathu timatseka mbuzi n'kukhala pamoto. A Bwanali anandigwedeza phazi.

"Tiyeni, aphunzitsi."

"Lero? Mitambo yonseyi?"

"Ife sitipalasa kumwamba."

Nyanja inali bata ngati mafuta m'mbale. Iwo eni anamanga dengu langa, n'kuika mwala wosalala waukulu ngati papaya pansi pa chivundikiro. Sindinafunse kanthu. Tili pakati pa madzi ndinangoti, mosasamala kwenikweni, batani lawolo ndi lokongola.

"Ili? Ndinalipeza m'mimba mwa kampango zaka zitatu zapitazo. Mukulifuna?"

Ndinakana. Ndinali nditatenga kale zokwanira kwa munthu ameneyu.

Pagombe anatula dengu, n'kutembenuka msanga mphepo isanadzuke. Mwala uja sanautchule. Ndinaima n'kuuyang'ana nthawi yaitali. Kamodzi ndinachotsapo miyala ya anthu amenewa, ndipo zotsatira zake zinali m'mimba mwa agalu. Ndinasenza dengu momwemo. Ndinakwera nalo chitunda chonse cha ku Bembeke masiku awiri, khosi likulowa m'mapewa, ndikudutsa miyala ina masauzande imene inkandiyang'ana modabwa.

Ndinalowa m'mudzi wa Nabanda Lamulungu anthu akutuluka m'tchalitchi. Ankhoswe anali atakhala kale pansi pa mtengo, ndipo Yosefe ankayendayenda chapafupi m'jasi lake, dzuwa likuswa. Ndinawerenga mwachangu. Mabatani anali onse asanu ndi limodzi.

Amayi a Nabanda anamasula dengu atandifulatira, monga mwa mwambo, n'kumayankhula ndi dengulo m'malo mwa ine. Anatulutsa mwala uja n'kuukweza kuti onse auone.

"Dengu iwe, ndimayesa walemera ndi nsomba. Kani wophunzirayu amafuna kutinyenga ndi mwala?"

"Mayi, ndi wotchinjiriza mphepo," ndinauza dengulo.

Panalibe ngakhale tsamba logwedezeka. Amalume anayang'ana pansi. Nabanda anabisa nkhope kuseri kwa nkhokwe, akudziletsa kuseka.

Mayiwo anapisa mkono mpaka pansi pa dengu, napeza usipa wokhawokha. Kenako anautembenuzatembenuza mwalawo m'manja, n'kuona kusalala kwake.

"Wochenjera akanautaya m'njira," anatero. "Uyu ukamusenzetsa chinthu amafika nacho. Auzeni akayambe kumanga nyumba kuseri kwa khola."

Usipa unatha mwezi usanathe. Mwalawo apongozi amaperera mawere mpaka lero, ndipo amauza alendo kuti ndi chinthu chokhacho chanzeru chimene ndinabweretsa m'banjamo. Chimene ndinaphunzira pa ulendowu n'chakuti munthu akaika mwala pa katundu wako, uyambe wafunsa. Kuchotsa osafunsa kunandidyera theka la nsomba, ndipo kusunga osafunsa kunandipindira khosi. Koma zala zanga ndimawerengabe.