Liwu Lachiwiri pa Tepi

Anabwera Lachiwiri m'mawa, chaka cha 1974, mwera uli mkati. Ndinali ndikuchapa matewera kuseli kwa nyumba yathu ku Mangochi, mwana ali kumsana. Anali amuna awiri ndi mayi mmodzi wapolisi. Wamkulu wawo anangoti, "Ndinu oyimba aja? Tiyeni, abwana akufuna amve nawo." Ndinapempha kuti ndiyanike kaye. Anati ndidzayanika pobwera.

Ndinkayimba m'bandi ya anyamata anayi, ya magitala a magetsi olira ngati mavu, nyimbo zazitali zozunguza mutu zimene alendo a m'mahotela a kunyanja ankavina atatsinzina. Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, Chingelezi ndinkangoloweza, koma pakhosi panga panali pabwino, izi sindibisa. Tinalinso ndi kabokosi kotchedwa eko. Ukayimba, kankabwereza liwu lako pambuyo ngati uli m'phanga.

Mlandu unali nyimbo imodzi. Inkafunsa kuti mlongo wanga munapita naye kuti, poti anaitanidwa ku boma osabweranso. Ku hotela sitinaiyimbepo. Tinaijambula pa tepi m'galaja masana, tepiyo n'kumayenda m'manja mwa anthu. Anaipeka ndi mnzanga, mtsikana wa banja la Chisilamu, amene mlongo wake anatengedwadi. Kwawo sankadziwa kuti amayimba, ankabwera ndi dengu ngati wa kumsika. Pa tepipo liwu lake linkatsata langa chapamwamba. Anyamata atamva kuti tikufunidwa anadutsa pa Chiponde kulowa Mozambique. Nanga ine ndi khanda loyamwa ndikanathamanga bwanji?

Mu ofesi munali tebulo, makina a tepi, ndi kabokosi kathu kaja. Abwana anali aulemu. Koma ine maso anali pa chitseko, pa manja awo, pa mayi wapolisi uja amene anaima pafupi kwambiri ndi msana wanga. Anaika nyimbo.

"Uyu ndinu, mayi. Nanga winayu ndani?"

"Ndi eko, bwana."

"Eko."

"Inde. Kabokosi ako."

Analamula kuti akalumikize, n'kundipatsa maiki. Ndinayimba. Mwana ankatakataka kumsana, koma liwu silinanjenjemere ayi. Wapolisi wa pakhomo ndinamuona akugwedeza phazi, kenako anadzigwira. Kabokosi kanabwereza bwinobwino, ndipo aliyense anamva kuti liwu la pa tepi si limenelo.

Abwana anaseka. "Ndiye kuti tsiku lojambulalo kabokosi aka kankayimba ndi lilime la Chiyao? Lero kaiwala?"

"Makina amasinthasintha, bwana."

Anatuluka kukamwa tiyi. Zotsatirazo anachita ndi ena. Mwana anayamba amumasula kumsana, pamenepo ndiwathokoze. Khutu langa lamanzere silimva kuyambira tsiku limenelo.

Tinakhala m'chitokosi ine ndi mwana mpaka kutentha kunayamba. Sindinkagona bwino. Nsapato zikamveka pakhonde ndinkamulowetsa m'chitenje, ngati kuti munthu angabisike m'chipinda chopanda kanthu. Mu Okutobala anandiitananso.

"Mayi, tchulani dzina, mupite ndi mwana wanu lero lomwe. Mukakana, mwana apita yekha."

Dzinalo linali pakamwa penipeni, lalifupi, losavuta. Ndinaganiza za amayi a mnzanga, amene anali atataya kale mwana mmodzi, ndipo ankaimabe pa msewu kuyang'ana galimoto iliyonse. Mwana wanga akanapita kwa agogo ake, koti ndikukudziwa. Mnzanga akanapita kuti? Ndinayankha monga poyamba.

Anaitanitsa amayi anga kuchokera kwathu ku Nkope. Polandira mwanayo anandinong'oneza, "Iwe, dzina lokhalo likukulemera chiyani?"

Ndinati, "Amayi, phala muzimupatsa lamadzimadzi. Akamalira muzimusisita kuphazi."

Sanalire pochoka, anali m'tulo. Mawere anatupa mpaka malungo. Gadi wina wamkazi anandiponyera chitini nati, "Finyira umo, usatifere pano." Kenako ananditumiza ku ndende yaikulu. Khoti sindinalionepo. Kumeneko magadi anandipatsa dzina. "Eko, dzuka. Eko, katenge ndowa." Ankaganiza kuti akundinyoza. Ine ndinkayankha mokweza, mutu uli m'mwamba.

Ananditulutsa mvula ya 1976 itayamba, osanena chifukwa. Wa pageti anati, "Pita, ndipo pakamwapo uzitseka." Ku Nkope ndinapeza kamtsikana kakuyenda kokha, kakukoka chitini pa chingwe. Katandiona kanathawira kuseli kwa amayi.

"Agogo, kwabwera alendo."

Ndinakhala pa mphasa, manja ndinawapanikiza pakati pa mawondo kuti ndisakagwire mokakamiza. Panapita miyezi kasanavomere kuti ndikasambitse. M'bandi sindinabwererenso, khutu limodzi silokwana.

Mnzanga uja alipo. Ali ndi zidzukulu. Tikakumana pa msika timapatsana moni wa amayi akuluakulu, kufunsana za miyendo ndi za mvula, basi. Amayi ake anamwalira ali m'manja mwake.

Mwana wanga ndi mayi tsopano. Chaka chatha, tikusenda chinangwa, anandifunsa osandiyang'ana, "Ndiye amayi, munasankha mnzanu kusiya ine?"

Ndinati, "Inde. Ndipo zinandipweteka kuposa khutu."

Kenako anati, "Ndiuzeni dzina lake ine ndekha. Ndinalivutikira nanenso."

Akunena zoona, ndipo ndinamuuza kuti akunena zoona. Koma dzinalo ndi la mwini wake, adzalitchula yekha akadzafuna. Masiku ano ndikhoza kukaima pa mlatho wa Mangochi n'kulifuula, palibe angandigwire. Ufulu umene ndikuudziwa ine ndi umenewu: kale ndinkalisunga ndikunjenjemera, lero ndikulisunga nditakhala pansi pakhonde panga, chitseko chili chotsegula.