Diresi la M'chijasi

Ku Lifuwu anthu ambiri amatchuka ndi mpunga, ena ndi usipa, koma a Hasina, amake Asma, anatchuka ndi kaunjika. Sagulitsa ayi, amagula, ndipo kagulidwe kake ndi kaja koondetsa wogulitsa. Chiyambire kupita kumsika sanalipirepo mtengo woyamba umene munthu watchula, ndipo amazinena zimenezi monyada ngati mmene Asilamu anzawo amanenera kuti sanadumphepo pemphero la swala. Ana awo onse anakulira m'zovala za pamulu, zotchena bwino lomwe. Amuna awo, a Omari, mpaka lero amapita kunyanja atavala shati ya mizere m'mapewa, imene mwini wake woyamba ayenera kuti ankayendetsa ndege, moti anzawo a pangalawa amawachitira sawasha. Koma a Hasina eni akewo ankangovala zimene ana azikana, ndipo sankaonapo vuto.

Amene sadziwa kaunjika amayesa kuti ndi nkhani yongofika n'kusankha. Si choncho. A Mustapha, amene a Hasina ankawagula kwambiri, amatsegulira belo latsopano pa Khombedza. Tsiku limenelo zovala zabwino zimakhala mbwee, koma mtengo umakhala m'mwamba ndipo azimayi amachita kupondana zala. Mulu ukafika ku Senga Bay mtengo umatsikako. Pomafika ku Lifuwu umakhala utagweratu pansi, koma zotsala zake ndi masokosi osafanana ndi mabuluku a anthu amene miyendo yawo imayambira m'khwapa. Choncho munthu amayenera kusankha chimodzi, chovala chabwino kapena mtengo wabwino. A Hasina ankafuna zonse ziwiri.

Pamulu wa a Mustapha panali chijasi china chake chofiirira, chaubweya m'khosi, cholemera ngati mbuzi yonyowa. Anachisokera anthu a kumaiko kumene madzi amauma ndi kuzizira, ndiye chinasochera n'kudzagwera ku Salima, kumene munthu amatuluka thukuta akusamba. Kungochiyang'ana, ludzu linkayamba. A Mustapha anayenda nacho zaka zambiri msika ndi msika. Ankachikhalira, ankachitsamira, mvula ikagwa ankafunditsira katundu, koma palibe anafunsapo mtengo wake ngakhale mwangozi. Thumba lake la m'kati linali lobooka, ndipo bowolo linkalowa m'mimba monse mwa chijasicho. Tsiku limene a Hasina analowetsamo dzanja n'kuona kuti likungopitirira, anadziwa kuti apeza kabati.

Kuyambira pamenepo, belo likamatsegulidwa ankakwera minibasi mpaka pa Khombedza. Ankalowa m'gulu ndi zigongono, kutulukamo ndi chovala chopambana zonse, kenako n'kuyamba kuchinyoza mokweza kuti ulusi wake ndi wofooka. A Mustapha akangocheukira kwina, chovala chija chinkalowa m'chijasi, iwo n'kubwerera kunyumba manja lendelende. Mulu ukafika ku Lifuwu ankachisolola, kudabwa nacho ngati akuchiona koyamba, n'kuyamba kunenerera mtengo umene unali utagwa kale. A Omari ananenapo kamodzi kuti ndalama ya minibasi imaposa imene amapulumutsa. Anamwa tiyi wopanda shuga mpaka anaiwala kuti ananenapo zotero.

Chaka chimene Asma ankakwatiwa, nikah yake inagwa m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mwana anali atamupezera kale zonse, amuna awo anali ndi mkanjo, ngakhale azakhali a kutali anali ndi mipango. Ndiye m'belo lina pa Khombedza munatuluka diresi lobiriwira, lalitali lofika m'mapazi, la manja aatali, la timikanda pachifuwa, kapepala ka kusitolo kakulendewerabe m'khosi. Azimayi atatu analigwira pamodzi ndi iwo. A Hasina anataya silipasi imodzi, chitenje chinamasuka, wina anawaponda chala mpaka chikhadabo chinada, koma diresi linatsala m'manja mwawo. Analiyeza pachifuwa. Kanali koyamba m'moyo wawo kufuna chovala choti avale iwo eni, ndipo analifuna kwambiri moti anachita nazo manyazi.

Ndalama anali nazo, zomanga pamfundo ya chitenje. A Mustapha anatchula mtengo, ndipo kunena zoona sunali wankhanza. Dzanja la a Hasina linafika pamfundo paja. Koma azimayi atatu aja anali chiimire, maso ali pa iwo, kudikira kuti akasimbe kuti amake Asma alipira mtengo woyamba. Apa mpamene munthu wanzeru amapusira. Anakwinya mphuno, nanena kuti mikanda yotere imayabwa, ndipo anthu atabalalika diresi linalowa m'chijasi.

Mulu utafika ku Lifuwu, a Hasina analawirira a Mustapha asanamalize n'komwe kuyala. Anafufuza pamwamba, anafufuza pansi, anatembenuza mulu wonse, chijasi osaoneka. A Mustapha ankawayang'ana akumwetulira ngati munthu amene wachira matenda a mgonagona.

"Alhamdulillah, amake Asma, chapita," anatero. "Aphunzitsi a Jasten awasamutsira ku Dedza, ndiye akuopa kuzizira. Anandipeza ku Senga Bay. Ndinatchula mtengo wongocheza, iwo n'kupisa m'thumba osanenerera. Ndinasangalala kwambiri moti ndinaiwala kukuchotserani katundu wanu."

"Katundu wanga uti?"

"Wobiriwira uja."

A Mustapha anafotokoza mosabisa kuti ankadziwa kuyambira kalekale. Akaweruka ankapapasa chijasicho kuti adziwe chovala chopambana m'belo lonse, ndipo sankadandaula chifukwa cholowa m'menemo chinali ngati chagulidwa kale, komanso akuba sankachiona. Za diresi anati alibe nazo mlandu, popeza zimene aphunzitsi analipira zinakwanira chijasi, diresi ndi zina zotsala. Ngati akulifuna akakambirane ndi eni ake atsopano. A Hasina anachoka pamsikapo zinthu zitatu zikuwawawa: diresi lapita, chinsinsi chawo sichinali chinsinsi, komanso pali munthu wophunzira amene amalipira osanenerera.

A Hasina ankawadziwa bwino a Jasten. Ndi amene anaphunzitsa Asma ku pulayimale, bambo wowonda, waulemu, wopepesa ngakhale kwa nkhuku akaidutsa pafupi. Iwo ndi akazi awo a Benedicta anachokera kutali, anakhala zaka zambiri m'nyumba za aphunzitsi, ndipo anali ataitanidwa kale ku ukwati. Panjira a Hasina anakonza zoti akafika akawatsanzike, apemphe kuona chijasi chotchukacho, dzanja lichite ntchito yake mwakachetechete. Koma asanaodire n'komwe anamva mawu akukwera m'nyumbamo.

Chinachitika n'chakuti a Benedicta anatenga chijasi kuti akachichape, popeza chinkanunkha misika yonse ya m'boma la Salima. Atamva chotupa kumsana kwake anapisamo dzanja, n'kusolola diresi la mzimayi latsopano, lobisidwa bwino m'chovala cha amuna awo. Atafunsidwa, a Jasten anayamba ayankha kuti sakudziwa, zimene zinali zoona koma zosathandiza. Kenako anati mwina linachokera nalo kunja. Ataona kuti moto ukukulirakulira, anati anagulira akazi awowo kuti awadzidzimutse. Funso limodzi mayankho atatu, mwana wa m'kalasi mwawo akanamulembera cholakwa chofiira.

A Hasina anawapeza pakati pa makatoni omangamanga, bambo ataima pakona thukuta lili kamukamu, mayi diresi lili m'manja.

"Mwabwera bwino, amake Asma," anatero a Benedicta. "Msika suchitika inu palibe. Bambo awa akuti diresi ili anagulira ine. Chikwatirane, chimene anandigulirapo ndi chidebe chotungira madzi. Tandiuzani zoona, munawaonapo pamulu wa zovala za azimayi?"

Chilungamo chinali chapafupi, ndipo chikanakomera aliyense. Chikanamasula aphunzitsi pa mlandu wa chibwenzi, ndipo diresi likanabwerera kwa amene analivutikira. A Hasina anatsegula pakamwa kuti anene. Koma maso awo ndi a kaunjika, saona munthu asanaone chimene wavala. A Benedicta anali m'bulauzi yotuwa, yozilala m'mapewa, imene a Hasina anaikumbukira bwino chifukwa anaikana okha pamulu zaka zapitazo. Ndipo diresi lija sanaligwire ngati umboni wa mlandu. Analikumbatira pachifuwa, chala chikusisita timikanda tija iwo osadziwa. Mayiyu sankafuna kugwira amuna awo bodza. Ankafunitsitsa kuti bodzalo likhale loona, ndipo a Hasina anawamvera chisoni chimene sanachiyembekezere.

"Ndinawaona," anatero.

Akanatha kulekera pomwepo, koma a Hasina sachita chinthu mwatheka. Anasimba nkhondo yawo yonse ya pa Khombedza, kungoisamutsira ku Senga Bay n'kuikamo dzina la aphunzitsi. Anafotokoza mmene a Jasten analowera m'gulu la azimayi ndi zigongono, mmene atatu analigwirira diresi iwo osalitaya, mmene nsapato imodzi inavukira. Poyamba a Jasten anangoti maso tong'o. Kenako anayamba kugwedeza mutu movomereza. Pofika kumapeto anawonjezera okha, ndi mawu odandaula, kuti wina anawaponda chala.

A Benedicta anaseka, misozi ikutsika, nawatcha amuna awo chitsiru mwa mtundu uja umene mwamuna aliyense amafuna kutchedwa. Analowa kuchipinda, ndipo posakhalitsa anaitana a Hasina kuti adzawatsekere zipi ya kumsana. A Hasina anaikoka pang'onopang'ono mpaka m'khosi, nadula kapepala ka kusitolo kaja ndi mano. Mwachizolowezi anafufuza poti anyoze, m'chiuno, m'mapewa, m'munsi, koma sanapapeze. Diresi linawakhala ngati anachita kuwayeza. A Benedicta anazungulira kamodzi, nanena kuti adzalivala koyamba pa ukwati wa Asma.

A Jasten anaperekeza a Hasina mpaka pamsewu. Atathokoza kangapo, anafunsa monong'ona kuti kodi diresilo ndi la ndani kwenikweni.

"Ndi la akazi anu, aphunzitsi," anayankha a Hasina. "Koma tsiku lina muzinenerera. Mukutiwonongera msika."

A Hasina anadzera njira ya m'minda ya mpunga kuti asakumane ndi anthu, akupempha Mulungu awakhululukire bodza lija, ndipo analira kwenikweni, kulirira chovala, mayi wamkulu wa ana okwatiwa. Kunyumba anauza a Omari kuti ndi fumbi.

Tsiku la nikah a Hasina anavala diresi lawo lakale lofiirira, limene linali litaona kale zikondwerero za Idi zingapo. Asma anakongola, mpunga unapsa bwino, mbuzi zinakwanira. Koma a Benedicta atatsika pa kabaza, makosi onse anatembenuka. Azimayi anawazungulira, kugwira timikanda, kufunsa kumene linachokera, ndipo nkhani itamveka aliyense anayamba kuyang'ana mwamuna wake ndi diso loipa. A Jasten anali pakati pa azibambo akusimba, ndipo azimayi olimbana nawo aja tsopano anali atafika asanu.

Mayi wa mkwatibwi amayenera kukhala paliponse, kumapoto, kwa alendo, kwa apongozi. A Hasina sanapezeke konseko. Anapukuta mpando a Benedicta asanakhalepo, iwo n'kukhala pambali pake, ndipo sanasunthe tsiku lonse. Mwana aliyense woyandikira ndi manja a mafuta ankabwezedwa asanafike. Botolo la fanta linaikidwa patali poti mwini wake azichita kulipempha. Nthawi ya chakudya anavula chitenje chawo cha pamwamba n'kuwafunditsa a Benedicta kuyambira m'khosi mpaka m'maondo, ndipo nyama ya msuzi wambiri anaibweza. Anthu anayamikira kuti chinansi chotere sichioneka kawirikawiri, ena mpaka anati n'zachisoni kuti aphunzitsi akusamuka.

Alendo atayamba kubalalika, a Hasina anaperekeza a Benedicta kukakwera kabaza. Anawagwira mkono nthawi yaitali kuposa mmene kutsanzikana kumafunira.

"Muzilichapa ndi manja, osalipotokola," anatero. "Poyanika muzilitembenuza, ndipo muziyanika pamthunzi."

A Benedicta analonjeza, nawakumbatira, nakwera. Njinga itayenda pang'ono, a Hasina anaona m'munsi mwa diresi mukulendewera pafupi ndi masipoko. Anasiya apongozi ali chiimire ndi dzanja m'mwamba, nathamangira kabaza uja m'fumbi, akukuwira mwini njinga kuti aime kaye alipinde bwino.