Madiresi Amene Adiso Ankabisa

Alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu, anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu m'shopu imodzi ya zovala za amayi, kuseri kwa siteji ya mabasi. Anthu ankawatchula Adiso, chifukwa tepi yoyezera ankangoikoleka m'khosi ngati mkanda. Ukangolowa pakhomo, ankakuyang'ana kamodzi n'kutchula saizi yako, ngakhale ukoke mimba chotani.

Anali ndi chizolowezi chawo. Katundu akafika, ankapatula madiresi a saizi zazikulu n'kuwabisa m'kachipinda ka kumbuyo, pashelefu ya pamwamba pa ketulo. Lililonse ankalimata kapepala: "la anesi aatali", "la aphunzitsi okonda zobiriwira". Amayi amenewa sankapeza zowakwana kwina, ndipo ankabwera mwezi ukatha, ena ikatha iwiri, podziwa kuti Adiso awasungira.

Kenaka mzinda wathu unayamba kuchenjera, monga ankanenera pa wailesi. Pamapolo a magetsi anaikapo makamera owerenga anthu ndi magalimoto. Eni shopu anasokerera kachitsulo kochepa ngati chikhadabo m'kolala ya chovala chilichonse, kouza kompyuta ya kulikulu pamene chovalacho chili ndi masiku amene chakhalapo. Bwana amene ankabwera kudzafunsa Adiso zoti aode anasiya kubwera. Tsopano inkaoda ndi kompyuta.

Kompyutayo inaona madiresi aakulu atakhala masabata asanu ndi limodzi osasuntha, ndiye inangoti kuno zazikulu siziyenda, n'kuyamba kutumiza ochepa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anawauza Adiso kuti kusungira anthu kukuoneka ngati kulephera kugulitsa. Iwo ataona madiresi aakulu akuchepa, anayamba kubisa onse amene afika. Ndikafika pamenepa mtima umandiwawa, chifukwa munthu ankadzikumbira yekha dzenje akuyesa akuthandiza.

Chaka chisanathe, mabokosi ankabwera ndi timasiketi ta atsikana tokhatokha. Adiso anaimba foni kulikulu.

"Mwana wanga, makasitomala anga ndi amayi a matupi awo. Timeneti avala ndani?"

"Mayi, ine sindisankha ayi. Zimachokera m'sisitemu."

"Ndiye mundipatse a sisitemuwo ndilankhule nawo."

Mtsikana wa pafoniyo anaseka, n'kupepesa, n'kudula.

Makasitomala anabwera kawiri, katatu, n'kutopa. Ngati zimenezo sizinakwane, siteji ya mabasi inasamutsidwa, ati makamera aona kuti ikuchedwetsa magalimoto. Msewu wonse unangoti zii. Uthenga wotseka shopu unafika pa foni Lachiwiri m'mawa, Adiso akupukuta galasi la pakhomo.

Tsiku lomaliza ndinapita kukawathandiza kulongedza. Dalaivala wa lole yodzatenga katundu anayendetsa kamakina kake kowerengera zovala m'mashelefu, kakulira pii, pii, kenaka anati pakusowa madiresi khumi ndi limodzi. Anatsata kulirako mpaka anaima pamaso pa ketulo.

"Amenewo ali ndi eni ake, bambo," anatero Adiso. "Ndiloleni ndiwaimbire, ena sakhala kutali."

"Pepani amayi, pamsewu pano andipatsa mphindi khumi ndi ziwiri basi. Ndikapitirira, kamera iyo indijambula, yanganso ntchito ithera pompano."

Ine ndinafuna kumukalipira, koma ndikanamukalipira chiyani, munthu akutuluka thukuta ngati ife tomwe? Adiso anakwera okha pampando, mawondo akulira, n'kutsitsa madiresiwo. Anawapinda bwinobwino, manja m'kati, n'kukawaika okha mulole.

Kulikulu anawauza kuti akayese mwayi kunyumba yaikulu yosungira katundu, kunja kwa mzinda. Kumeneko anawamanga kawotchi kowerenga mapazi, n'kuwapatsa ola limodzi loti atole zovala m'mashelefu ataliatali. Ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri. Anabwerako masana, nsapato zili m'manja, ndipo foni yowaitana kukayamba ntchito sinalire mpaka lero.

M'shopu muja tsopano muli makabati achitsulo, mmene anthu amatengamo zovala zooda pa foni. Simukhala munthu.

Sabata yatha ndinawapeza atakhala pakhonde, achimwene atapita kukafuna ganyu. Tinacheza za mvula, za ana, kenaka anangoti:

"Alamu, ndikanapanda kumawasungira anthu aja, si bwenzi shopu ilipo?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwatsutse. Anandigwira dzanja.

"Musavutike, alamu. Mmodzi mwa ana angawa anandifotokozera kale mmene kompyuta ija imawerengera. Ndinaitseka ndine."