Mafomu a mwana wa a Phiri

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira pa yunivesite ku Pretoria, ndipo kutchalitchi kwathu ku Sunnyside ankanditenga ngati munthu wodziwa zinthu. Lamlungu lina a Phiri, amene ankasamalira maluwa panyumba ina ku Queenswood, anandipatsa envulopu. Munali mafomu a mwana wawo Tadala, yemwe ankamaliza sekondale ndipo ankafuna kuphunzira udokotala.

"Achimwene, mukatiperekere. Kodi mwanayu angamutenge?"

Ndinaona magiredi ake. Ankaposa amene ine ndinalowera. Ndinati, "Tiyesa, koma malo ndi ochepa." Envulopuyo ndinaiponya m'chikwama n'kuiiwala. Ndinadzaipeza tsiku lotsekera litadutsa kale, itathimbirira ndi mafuta a tchipisi.

A Phiri atandifunsa, ndinapukusa mutu ngati ndili pamaliro.

"Eish, abambo, kuno ku Joni amayamba asankha eni dziko. Ife obwera amatiika kumapeto."

Anandigwira dzanja ndi manja awiri. "Mwayesetsa, achimwene. Mulungu akudalitseni."

Tadala anakhulupirira mawu angawo, moti chaka chotsatira sanayesenso. Anayamba kuchapa ndi kusita m'nyumba za anthu ku Menlo Park. Mpaka lero akandiona amandipatsa moni atanyonyomala, ndipo ine ndimayankha bwinobwino.