Anacleto Serôdio, Goloboyi Amene Ananena Kuti Chalowa

Bambo mfumu ati ndilembe mwaulemu m'kalata ya parishi yathu. Ndiyesa.

Anacleto Serôdio anabadwa mu 1941, mwana wa msodzi kugombe kwathu kuno kumpoto kwa Portugal. Ali wamng'ono ankatumikira Misa ya m'mawa wopanda nsapato, masana n'kumaima pagolo pakati pa miyala iwiri. Atakula anakhala goloboyi wa timu ya m'tauni muno, nakwatira Deolinda, amene ndine. Koma chimene ankanyadira sichinali mpira. Chaka ndi chaka mu Ogasiti ankasenza nawo chifanizo cha Amayi Maria kupita nacho kunyanja. Malo ake anali kutsogolo, phewa lakumanzere, pamene ankasenzera bambo ake.

Mu 1968 kunali masewero omaliza. Timu ikanangofanana mphamvu ndi alendo, ikanakwera ligi. Kutatsala mphindi ziwiri, mpira unadutsa mzere pang'ono, Anacleto n'kuukokera kunja. Woyimbira sanaone. Anafika n'kufunsa, "Serôdio, chalowa?"

Firmino, wapampando wa timu, anakuwa ali kuseri kwa golo, "Iwe, tseka pakamwa!"

"Chalowa, bwana," anatero Anacleto.

Timu inagonja, sinakwere ligi. Madzulo ndinamukalipira inenso, sindibisa. Iye anangoti, "Deolinda, ndalandira Ukaristia m'mawa. Ndiname ndi pakamwa pomwepa?"

Tsono imvani zimene anachita Akhristu. Firmino yemweyo ndiye ankasankha osenza chifanizo. Ogasiti atafika, Anacleto anavala mkanjo wake woyera, anthu ali bii pakhomo la tchalitchi. Firmino anamugwira paphewa. "Chaka chino upume, Chalowa. Ungatigwetsere Amayi monga unatigwetsera timu." Anthu anaseka. Pakhomo la tchalitchi!

Anacleto anavula mkanjo, naupinda bwinobwino, n'kukayenda kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa oimba malipenga, kolona ali m'manja. Anayenda pamenepo zaka makumi anayi. Dzina la Chalowa linamukanirira, ngakhale kumsika wa nsomba. Sanayankhepo. Ogasiti aliyense ankandipempha kuti ndimusitire mkanjowo, mwina amuitana.

Zala zitapindika anasiya kugwira mpira, nakhala mphunzitsi wa timu ya tauni ina, ulendo wa ola lathunthu panjinga, mvula kapena mphepo. Magoloboyi ambiri anadutsa m'manja mwake. Ankawauza kuti, "Pamzere umaima wekha. Zimene waona, waona."

Anamwalira Lachinayi m'mawa, atadzozedwa mafuta a odwala, zenera lili chitsegukire kunyanja. Anangofunsa ngati mkanjo uli wosita, ndinati eya, basi anagona. Tinamuveka womwewo.

Tsiku la maliro, ndikutuluka m'tchalitchi, ndinaona Firmino ndi anzake, imvi mbuu, atagwira kale zogwirira za bokosi, mbendera ya timu atayala pamwamba.

"Mayi Deolinda, anali wathu uyu," anatero Firmino. "Timusenze."

Ndinachotsa mbenderayo n'kumupatsira m'manja. Ndinaitana magoloboyi asanu ndi mmodzi amene Anacleto anawaphunzitsa, amuna a zala zopindika ngati zake, iwo n'kumunyamula.

"Nanga ife tiyende pati?" anafunsa Firmino.

"Kumbuyo, kuseri kwa malipenga. Malo aja lero alibe munthu."

Anakayenda komweko. Anacleto sakananena zimenezo, ndikudziwa, ndipo ndakalapa kale. Inu tsanzirani iye, osati ine. Mzimu wake uuse mumtendere.