Kalata Yomata ya a Isaki

Ku Malemia mukafunsa za Tione, palibe amene angakuuzeni kuti ndi mwana wa malemu mayi Janeth, kapena kuti ankakhoza masamu kuposa anyamata. Amangoti, "Uja anajambula maliro a amayi ake." Anthu a kwathu ndi otero, ndipo zimandinyansa. Ukachita chinthu chimodzi chowadabwitsa, dzina lako lenileni lathera pomwepo.

Tione anayamba kujambula ali folomu 2, ndi foni yosweka galasi imene mlamu wake anaitaya. Ankajambula zinkhoswe, makwaya, mpira wa pa Songani, ngakhale amayi akupeta mpunga. Atalowa koleji ya aphunzitsi, amalume ake, a Isaki, amene anali mlembi wa mpingo wa kumudziko, ankaimitsa anthu pamsewu n'kuwauza kuti mbumba yawo yatulutsa mphunzitsi.

Mayi Janeth anamwalira chaka chomwecho. Tsiku loika maliro, ana amayenera kukhala pansi pafupi ndi bokosi. Tione anadzuka, natulutsa foni, nayamba kujambula amayi a Mvano akuimba ndi malaya awo oyera. Chithunzi cha amayi ake chinalipo chimodzi chokha, cha pachiphaso, ndipo iye ankafuna kutsala ndi kanthu. Palibe anamufunsa chifukwa. Palibenso anaonapo kanemayo, mmene chithunzi chimanjenjemera, ndipo kulira kwa wojambula kumamveka kuposa nyimbo.

Patatha chaka, sukulu ina yophunzitsa kupanga mafilimu ku Blantyre inamutenga, iye n'kusiya koleji. A Isaki anakwiya zedi. Pamudzi analeka kumutchula dzina, ankangoti "wa zakanema uja."

Sukuluyo inalibe malo ogona, ndipo wolephera kufika sabata yoyamba malo ake amapatsa wina. Tione anapita ku Blantyre kawiri kukasaka nyumba. Ku Ndirande anamuonetsa chipinda chogundana khoma ndi bala. Kwina denga linali loonetsa dzuwa. Kwinanso bambo mwini nyumba anamuyang'ana kuchokera kumapazi, n'kufunsa ngati azigona yekha. Pomaliza anapeza kachipinda kaukhondo ku Chilomoni, kuseri kwa nyumba ya mayi Eneless, mtunda woyenda pansi kukafika kusukulu.

"Ine sindisunga mtsikana wopanda kalata ya mpingo," anatero mayi Eneless. "Ubwere nayo, ndiwerenge ndekha, kiyi ndikupatsa."

Mkhristu akamasamuka kwathu kuno, mlembi amamulembera kalata, kuimata mu envulopu ndi kudinda chidindo pomatapo. Wonyamulayo satsegula, pakuti kutero n'kunyoza mpingo. Tione anapita kwa amalume ake, nagwada pakhonde.

"Malume, ndabwera kudzapempha kalata yosamukira."

"Kalata? Bwanji osalemba?" anatero a Isaki akumwetulira. "Ubwere mawa."

Mawa lake anaipeza yomata kale, chidindo chili bwinobwino. Anathokoza mpaka kuwomba m'manja, akuganiza kuti mkwiyo watha. Anaiwala kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnzake wina anamuuza kuti aifukize pa nthunzi ya ketulo aone zimene alemba, koma iye anakana, poti analeredwa bwino. Anaiika m'kati mwa Baibulo kuti isapindike.

Loweruka anakwera minibasi pa Songani ndi matiresi, ndowa ndi chikwama. Sukulu inali kuyamba Lolemba. Atafika anapeza mayi Eneless ali pampando pakhonde, atsikana awiri ochita lendi akuchapa pampopi. Mayiwo anavala magalasi, nang'amba envulopu, nawerenga mokweza monga amachitira ndi kalata iliyonse.

"Wonyamula kalatayi ndi mkhristu wathu wobatizidwa, koma ndi wouma mutu ndiponso wouma mtima. Anasiya uphunzitsi osafunsa akulu. Tsiku la maliro a amayi ake sanagwetse msozi, ankajambula ngati ali pa ukwati. Womusunga achenjere."

Atsikana aja analeka kuchapa. Tione anagwidwa ndi manyazi, kenako ukali, poganiza kuti mawu amenewa wawanyamula yekha kuchokera ku Malemia, akuwateteza kuti asapindike.

"Ndi zoona?" anafunsa mayi Eneless.

"Ndinajambula, mayi. Zoti sindinalire ndi bodza."

"Ndiye mlembi wa mpingo ndi wabodza, woona ndiwe?"

"Sanali pafupi nane. Kanemayo ndili naye. Ndimamvekamo ndikulira."

Mayi Eneless anatambasula dzanja. "Bwera nayo foniyo. Atsikana inu, senderani kuno tionere limodzi. Ukamveka ukulira, kiyi uyu ndi wako."

Kiyiyo anali pamiyendo pawo, womangidwa kachingwe kofiira. Tione anatulutsa foni. Atsikana aja anafika akupukuta manja m'zitenje, wina akuseka kale, wina akufunsa ngati nkhope ya malemu ikuoneka. Ankangofunika kudina kamodzi kokha, ndipo Lolemba akanadzuka m'chipinda chake, n'kuyenda wapansi kupita kukalasi.

Anayang'ana nkhope zitatu zija, zonse zikudikira kuti zimuyese ngati analira mokwanira. Anabweza foni m'thumba.

"Pepani, mayi. Amayi anga si chiphaso cholowera m'nyumba."

"Amalume ako sananame," anatero mayi Eneless, akuika kiyi m'thumba la diresi. "Nyamula katundu wako."

Tione anapempha kalata yake, naipinda, nasenza matiresi, ndowa ili kumanja. Chipinda cha pabala chija ku Ndirande chinali chikadalipo, ndipo wakhala mmenemo zaka ziwiri tsopano, akuwerenga ndi thonje m'makutu. Lolemba lija anafika m'kalasi pa nthawi yake.

Ku Malemia amabwera kamodzi pachaka, kukasesa manda a amayi ake. A Isaki akamuona amalowa m'nyumba, ndipo anthu akupitirizabe kunena kuti mwana uja sanalire. Iye amamva, koma foni ija imakhala m'thumba mwake. Kanemayo mpaka lero amene wamuonera ndi iye yekha.